Ofesa Amene Sadziŵa Kuti Akufesa

M'CHILIMWE, pamene udzu wauma m'chigwa cha Zambezi, mitengo ya msangu ya ku Mana Pools, Zimbabwe, imagwetsa makoko ake opotana. Nswala, ntchefu, ndi njati zimasonkhana kudzadya. Kodi mtengowo umatayikiridwa mwa kudyedwa kwa mbewu zake? Kutalitali!

Mbewu zosiyidwa pansi kaŵirikaŵiri zimafumbutsidwa ndi mphutsi za tizilombo. Komabe, zambiri za zomezedwazo zimapulumuka. M'mimba mwa nyama mphutsizo zimafa, ndipo khungu lolimba la mbewu limafeŵa. Pambuyo pake mbewuyo imagwera kutali ndi mthunzi wa mtengo umene inachokerako, ili m'ndowe zimene zimakhala manyowa ake. Mbewu zina zimayenda m'matope omatirira kuziboda kapena mu ubweya. Mu 2006, ofufuza a ku Spain anasimba kuti nkhosa zosamuka zinanyamula mbewu mu ubweya wawo kwa makilomita 400!

Ndithudi, kakonzedwe kameneka kamachitira umboni nzeru ya Mlengi. (Salmo 104:14, 24) Komanso kali ndi phunziro kwa Mkristu wolefulidwa. Kodi mwalankhula za Mulungu kwa mnzanu wa muukwati kapena mwana wanu kwa zaka zambiri popanda chotulukapo chooneka? Nswala siiona mtengo umene inafesa. Mofananamo, mawu anu okoma mtima angamere kutali, panthaŵi imene simukuyembekezera. Mtumwi Paulo anakumbutsa Akorinto kuti womeretsa ndiye Mulungu. (1 Akorinto 3:6, 7) Chotero musaleme, pitirizani kufesa.—Mlaliki 11:6.