Kodi Khomo Litsegukire Yani Poyamba?

M'mizinda yambiri ikuluikulu ya pa dziko lapansi muli nyumba zimene zidamangidwa ndi cholinga chosunga nsomba ndi zamoyo zina za m'madzi kuti anthu azidzaziona. Nyumba yotere pa Chingerezi amaitcha aquarium. M'kati mwake mumakhala mathanki aakulu a makoma oonekera, kotero kuti munthu amaima pouma n'kumapenyana ndi zolengedwa zimene kwawo ndi pansi pa nyanja. Pa masiku a tchuthi nyumbazi zimadzaza ndi khamu la anthu. Ana amalira, akuluakulu amakankhana, ndipo wamfupi msinkhu amangoona misana ya anzake. Poona zimenezi, oyendetsa nyumba zina adayambitsa maulendo a m'mamawa. Kagulu kochepa ka anthu, kamene kalipira ndalama zoposa za tikiti wamba, kamaloledwa kulowa khomo lisanatsegukire anthu onse, ndipo kamayenda ndi wotsogolera amene amazidziwa bwino nsombazo. Nkhaniyi ikuoneka yaing'ono, koma m'kati mwake muli funso limene lasautsa anthu oganiza kuyambira kalekale: pamene chinthu chidakhazikitsidwa kuti chikhale cha anthu onse, kodi n'chilungamo kuti mwini ndalama alandire gawo lonona?

Poyamba m'pofunika kuzindikira chimene wolowa m'mamawayo amagula. Nsomba zimene iye amaona ndi zomwezo zimene anzake adzaone dzuwa likakwera. Chimene amagula ndi bata, nthawi ndiponso mphunzitsi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mawu amenewa amapherezera ndithu pa thanki ya nsomba. Mwachitsanzo, nyumba zambiri za mtunduwu zimasunga mbuna, tinsomba tamawangamawanga tochokera m'Nyanja ya Malawi, nyanja imene ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Mlendo wothamanga amaona kuti tinsombato n'tokongola, basi n'kupitirira. Koma amene waima ndi wotsogolera amasonyezedwa mbuna yaikazi yotupa kukhosi, nauzidwa kuti siikudwala ayi, koma yafungatira mazira m'kamwa, ndipo ikhala chotero pafupifupi masabata atatu osadya kwenikweni kufikira ana ake atakhwima mokwana kusambira okha. Amasonyezedwanso yaimuna imene ikulondera mwala wake ndi kupirikitsa zinzake zonse zoyandikira. Anthu awiriwa adutsa pa thanki imodzi, koma mmodzi yekha ndiye watuluka atadziwa moyo wa nsombazo. Kusiyana kumeneku ndiko kukulemeretsa funsoli.

Mbiri ikusonyeza kuti mkangano wa pakhomo si wa lero. Bungwe la Zoological Society of London lidatsegula malo ake osungira nyama ku Regent's Park, mumzinda wa London, m'chaka cha 1828. Pachiyambi ololedwa kulowa adali mamembala a bungwelo pamodzi ndi alendo amene mamembalawo awavomereza. Munthu wamba adayamba kulowa ndi tikiti yake m'chaka cha 1847, pamene bungwelo lidasowa ndalama zoyendetsera malowo. M'malo omwewo ndimo mudatsegulidwa nyumba yoyamba yoonetsera nsomba kwa anthu onse m'chaka cha 1853. Motero kusowa kwa ndalama ndiko kudatsegulira anthu wamba chipata chimene chidali cha olemekezeka okha. Chodabwitsa n'chakuti lero kusowa kwa ndalama komweko ndiko kukuchititsa oyendetsa nyumbazi kuboola kakhomo kena kapadera ka amene angathe kulipira zambiri.

Pamene anthu ambiri akufuna chinthu chimodzi, pali njira zitatu zimene anthu amagwiritsa ntchito posankha woyamba. Njira yoyamba ndi ya mzere: wafika msanga ndiye athandizidwe msanga, monga zimakhalira pa chigayo kapena pa mjigo. Pa mzere wotere mfumu ndi mmphawi amafanana, pakuti aliyense amalipira ndi kudikira. Njira yachiwiri ndi ya kusowa: pa chipatala wodwala mwakayakaya amalowetsedwa ena onse ali chiimire, ndipo palibe wanzeru amene amadandaula. Njira yachitatu ndi ya msika: walipira zambiri ndiye apite patsogolo. Katswiri wa maphunziro a nzeru zakuya wa pa yunivesite ya Harvard, Michael Sandel, adalemba za mutu umenewu m'buku lake la m'chaka cha 2012 lotchedwa What Money Can't Buy. Iye adasonyeza kuti njira ya msika yakhala ikulanda malo a njira ya mzere pa mabwalo a ndege, m'malo a zisangalalo ndi kwina, ndipo adatchula zoopsa ziwiri. Choyamba, wosauka amatsalira. Chachiwiri, zinthu zina zimasintha khalidwe lake zikayamba kugulitsidwa. Ulendo wa m'mamawa woona nsomba uyenera kuyesedwa ndi miyeso iwiri imeneyi.

Amene amaikira kumbuyo maulendowa ali ndi mfundo zomveka. Kusunga nyanja m'nyumba ndi ntchito yodya ndalama zochuluka. Nyumba ya Georgia Aquarium, imene idatsegulidwa m'chaka cha 2005 mumzinda wa Atlanta ku America, idamangidwa ndi mphatso ya madola 250 miliyoni yochokera kwa mpondamatiki Bernie Marcus. Thanki yake yaikulu imasunga madzi pafupifupi malita 24 miliyoni. Popeza mzindawo uli kutali ndi nyanja, madzi amcherewo amachita kusakaniza okha, ndipo makina opopa ndi osefa madzi sapuma usana ndi usiku. Nsomba zimafuna chakudya tsiku lililonse, zimafuna madokotala a nyama, zimafuna osambira otsuka makoma. Ndalama zimenezi siziima ngakhale alendo aleke kubwera. Izi zidaoneka poyera pa nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene nyumba ya Monterey Bay Aquarium ku California idatsekedwa kuyambira mwezi wa Marichi 2020 kufikira mwezi wa Meyi 2021. Kwa miyezi yonseyo matikiti sadagulidwe, komabe nyama zonse zidafunikira kudyetsedwa, ndipo antchito ena adachotsedwa ntchito. Tsono oikira kumbuyo aja amafunsa kuti: ngati munthu wolemera ali wokonzeka kupereka ndalama zoonjezera zimene zidzathandiza kuti tikiti ya mwana wa mmphawi isakwere mtengo, cholakwa n'chiyani?

Mfundo yawo yachiwiri ndi yakuti palibe amene walandidwa kanthu. Ola la m'mamawalo kale lidali ola lotseka, pamene m'nyumbamo mumakhala osesa ndi odyetsa nsomba okha. Wolowa nthawi imeneyo sadadumphe mzere, pakuti mzerewo udali usanayambe. Iye akusiyana ndi munthu amene amapereka chiphuphu kwa mlonda kuti alowe pamene anzake akupsa ndi dzuwa. Chiphuphu chimachitika mobisa, chimalowa m'thumba la munthu mmodzi, ndipo chimatalikitsa kudikira kwa ena. Tikiti ya m'mamawa imagulitsidwa poyera, ndalama zake zimalowa m'thumba la nyumba yonse, ndipo khomo lalikulu limatsegukabe pa nthawi yake. Pa muyeso woyamba wa Sandel, wa kutsalira kwa wosauka, mlanduwu ukuoneka wopepuka ndithu.

Komatu muyeso wachiwiri ndi wovutirapo. Nyumba yoonetsera nsomba kwa anthu onse si sitolo. Zambiri mwa nyumbazi zimayendetsedwa ndi mabungwe osafuna phindu, ndipo zimanena kuti zilipo kuti ziphunzitse anthu kusamala nyanja ndi mitsinje. Chifukwa chimenechi ndicho chimene zimapereka pofotokoza chimene nyama zakutchire zikukhalira m'mathanki. Nsomba imene idabadwira kusambira mitunda yaitali yalandidwa ufulu wake, ndipo chobwezera chake n'chakuti anthu ataiona adzaleka kuwononga kwawo kwa abale ake. Ngati zili choncho, maphunziro si chokometsera cha ulendowo ayi. Ndiwo mutu weniweni wa nyumbayo. Ndipo ngati maphunziro enieni asungidwira olipira zambiri, pamene khamu likungopatsidwa mawanga okongola ndi malo ojambulira zithunzi, nyumbayo yaphwanya pangano lake ndi anthu, yaphwanyanso pangano lake ndi nsomba. Amene amataya mapulasitiki mumtsinje, amene amagula nsomba pa msika, amene amaponya voti posankha opanga malamulo a zachilengedwe, si olemera okha.

Pali choopsa china chimene chimabwera mwakachetechete. Pamene bata layamba kugulitsidwa, phokoso limasanduka bwenzi la wogulitsa. Khamu likachuluka masana, tikiti ya m'mamawa imakoma koposa, motero woyendetsa nyumba amataya chifukwa chochepetsera kuthinana kwa anthu wamba. Akhoza kusamutsira otsogolera ake aluso ku maulendo odula. Akhoza kutalikitsa nthawi ya olipira zambiri ndi kufupikitsa ya ena. Palibe tsiku limene munthu angaloze n'kunena kuti chilungamo chafa lero, pakuti chimachita kunyenyeka pang'onopang'ono ngati chiswe chikudya mzati. Komanso ana amene aima pa mzere, akamaona anzawo akutuluka pa khomo limene iwo sanalowe, amaphunzira phunziro limene silidalembedwe pa khoma lililonse: kuti ngakhale pa malo a anthu onse pali anthu a mitundu iwiri.

Nanga tsono yankho n'lotani? Kuthetseratu maulendo a m'mamawa kungakhale kutaya ndalama zimene nsomba ndi antchito akuzifuna, popanda kupindulira mmphawi ndi kanthu komwe. Kuwasiya kuti azikula monga msika ufunira kungakhale kugulitsa cholinga cha nyumbayo. Malire oyenera ali pakati pa kufewa kwa ulendo ndi phindu lake lenileni. Ndalama zikhoza kugula kufewa: malo opanda phokoso, kagulu kochepa, nthawi yoima osakankhidwa. Koma ndalama zisakhale kiyi yokhayo yotsegulira chidziwitso. Chimene wotsogolera amanena m'mamawa za mbuna yofungatira mazira chiyenera kumvekanso masana, kudzera mwa antchito oima pafupi ndi mathanki, zolembedwa zomveka bwino, ndi nthawi zofotokozera zimene aliyense wa tikiti wamba angafike. Ndipo mafunso atatu ayenera kufunsidwa chaka ndi chaka. Kodi mlendo wamba akulandirabe zonse zimene ankalandira kale? Kodi ndalama zoonjezerazo zikubwerera kwa nsomba ndi kwa amene sangathe kulipira? Kodi khomo la m'mamawa limatsegukiranso munthu wina pa chifukwa china chosakhala ndalama?

Funso lachitatuli ndilo lofunika koposa, ndipo nyumba zina zaliyankha bwino. Zilipo zimene zimapatula maola ena a bata chifukwa cha ana amene ali ndi vuto la autism, amene phokoso, kuwala kwambiri ndi chipiringu cha anthu zimawasautsa. Pa maola amenewa nyimbo zimachepetsedwa ndipo anthu amakhala ochepa. Apa ola lomwe lija la bata laperekedwa potsata njira ya kusowa, monga pa chipatala paja. Zilipo zinanso zimene zimalandira magulu a ana a sukulu pa mtengo wotsika kapena mwaulere. Nyumba ya Shedd Aquarium ku Chicago, imene idatsegulidwa m'chaka cha 1930, yakhala ikupatula masiku ena pa chaka oti anthu okhala m'chigawo cha Illinois alowe osalipira. Zitsanzo zimenezi zikusonyeza kuti kulowa msanga pakokha si tchimo. Ubwino kapena kuipa kwake kwagona pa muyeso umene woyendetsa nyumba amasankhira olowa. Nyumba imene imagulitsa m'mawa wa Loweruka kwa olemera, n'kupereka m'mawa wa Lachiwiri kwa ana a sukulu yosauka, wotsogolera ali yemweyo, yagwiritsa ntchito msika ngati wantchito wake. Imene imagulitsa m'mawa uliwonse yalola kuti msika ukhale bwana wake.

Phunziro la nkhaniyi silithera pa nsomba. Funso lomweli limadzuka pamene mphunzitsi akuphunzitsa mwaulesi m'kalasi kuti ana abwere ku maphunziro ake olipira a madzulo, kapena pamene chipatala chili ndi chipinda cha olipira ndi chipinda cha anthu wamba. Palibe cholakwa kuti wolipira agone pa bedi lofewa, koma mankhwala ochiza asasiyane. Palibe cholakwa kuti mwana aphunzire zoonjezera, koma zofunika pa mayeso zisabisidwe kwa wopanda ndalama. Achinyamata amene ali pa sukulu lero ndiwo adzakhale oyang'anira makomo otere mawa, ndipo anthu a matumba olemera adzawapempha kuti awatsegulire msanga. Si nthawi zonse pamene yankho loyenera lidzakhala kukana. Koma wosunga khomo wolungama, asanalandire ndalama ya woyamba, amayamba watembenuka n'kuona amene waima kumapeto kwa mzere, nadzifunsa ngati ameneyo adzapezebe chimene adadzera.