Kodi dera limene linapereka golide lingafunse labotale?

Agogo anga anapita ku Wenela n'kukakumba golide ku Boksburg. Ine ndimakhala ku Tembisa, ndipo mwana wanga akafuna labotale kapena laibulale ya yunivesite amalawirira mbandakucha kukakwera takisi ya ku Johannesburg. Mu 2020 Pulezidenti Cyril Ramaphosa ananena yekha kuti Ekurhuleni ndiwo mzinda waukulu wokhawo m'dziko muno wopanda yunivesite, n'kulonjeza kumanga ya sayansi.

Ine sindiona lonjezolo ngati mphatso. Ndiliona ngati ngongole. Yunivesite ya Wits inaphuka kuchokera m'sukulu ya za migodi, ndipo golide akhala akumuyenga kuno ku Germiston kuyambira m'ma 1920. Miyala inatuluka kuno, zipangizo zoifufuzira zinakakhala kwina.

Mnzanga amanditsutsa kuti nzeru zilibe kwawo, intaneti ilipo. Pa mabuku akunena zoona, ndipo zimandiwawa kuvomera. Koma makina oyezera madzi a asidi otuluka m'migodi yakale salowa mu foni. Wofufuza amabwera, natunga madziwo m'botolo, nabwerera. Fumbi la m'zitunda za migodi limatsala pa zovala zimene tayanika.