KODI WAMALONDA ALAKWA POMANA MBALE WACE NGONGOLE?

Pali mlandu wina umene sufika ku bwalo la mfumu, koma uweruzidwa masiku onse pakhomo pa munthu woyamba malonda. Mnyamata wasunga ndarama zace pang'ono pang'ono, wagula shuga, mcere, sopo ndi macesi, natsegula kasitoro kace. Tsiku lacitatu afika atsibweni ace, nati, "Mphwanga, ndipatseko shuga, ndidzalipira ndikagulitsa fodya." Akakana, mudzi wonse udzati ndarama zampenzetsa. Akabvomera, mawa adzafika azakhali. Nanga acitenji?

Mlandu uwu suli watsopano. Kuyambira caka ca 1970 Boma la Dr Banda linalamula Amwenye kuti acoke m'masitoro a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali atasamukira ku mizinda yaikuru yonga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. Eni dziko analowa m'masitoro aja ndi cimwemwe, koma ambiri anatseka zitseko zisanapite zaka zambiri. Zifukwa zinali zingapo. Mpamba wao unali wocepa, ndipo analibe abale ku Limbe owakongoza katundu monga anali nao Mmwenye. Koma cinanso ndi ici: Mmwenye anali mlendo pamudzi. Pokongoza munthu analemba m'buku, nalonjerera wopanda manyazi. Mwana wa pamudzi sakanatha kulonjerera mpongozi wace.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tiyerekeze kuti pa mapaketi khumi a shuga, phindu la mwini sitoro lilingana ndi mtengo wa paketi limodzi. Atsibweni akatenga limodzi osalipira, nchito ya mapaketi khumi yapita cabe. Azakhali akatenga laciwiri, pamenepo sadya phindu iai, adya mpamba weniweni. Ndipo mnyamata pobwerera kukagula katundu apeza kuti ndarama zace zikwanira asanu ndi atatu okha. Mwezi wa mawa zikwanira asanu ndi awiri. Palibe mbala inathyola citseko, palibe moto, koma sitoro iri kutha.

Mlimi ali yense adziwa kusiyanitsa cimanga ca m'nkhokwe ndi cimanga ca mbeu. Mbale akadza ndi lichero timtapira ca m'nkhokwe, pakuti kupatsa ndi kuika. Koma mbeu tizipacika padenga pamene pali utsi, ndipo mbale wanzeru sazipempha, cifukwa adziwa kuti zikadyedwa lero, caka ca mawa tidzagona ndi njala tonse. Mpamba ndiwo mbeu za wamalonda. Cobvuta ncakuti mbeu zace zioneka poyera pa thebulo, zonga cakudya cocuruka.

Koma tisafulumire kuweruza abale. Mnyamata uja sanagwe kumwamba. Anamlera ndani? Ndani anagulitsa mbuzi kuti iye apite ku sukulu nadziwe kuwerengera? Kawiri kawiri mpamba womwewo unacokera kwa mkuru wace amene anakagwira nchito ku Joni. Akadzadwala, ogula ace sadzamgonera pamphasa. Adzatero ndi atsibweni omwewo. Akuru anati cibale ndi pfupa, siciola. Ndipo ine ndaona amalonda ena amene mau akuti "mpamba" anawasandutsa cikopa cobisalirako kuuma mtima kwao: amanga nyumba ya malata, mai wao alikubvala nsanza. Oterewo sindiwaikira kumbuyo.

Ine ndiyesa kuti colakwa cigona pa dzina lija la ngongole. Atsibweni ponena kuti "ndidzalipira", adziwa mumtima kuti sadzalipira. Mphwao polemba m'buku adziwanso comweco. Onse awiri anamizana mwaulemu. Pambuyo pace wokongola ayamba kulambalala njira ya ku sitoro, nakagula kwa wina ndi ndarama m'manja, cifukwa ca manyazi. Ndipo wokongoza wataya shuga, wataya wogula, watayanso mbale.

Nkwabwino mwini sitoro awerengere ndarama zace pa kutha kwa sabata, napatule phindu pa lokha. Mwa phindulo atengeko gawo la abale, nalipereke poyera monga mphatso, osalilemba m'buku. Angathe kunena, "Atsibweni, za m'sitoro sindingakhudze, pakuti ndizo mbeu, koma landirani paketi ili, ndaligula ine ndi ndarama yanga." Naponyedi ndaramayo m'bokosi iwo alikuona. Adzadandaula ena kuti gawolo licepa, ndipo nzoona, licepa m'zaka zoyamba.

Utsala mlandu umodzi umene sindingauthe ndi masamu. Mwana wa mlongo wace akadwala usiku, ndipo m'thumba la phindu mulibe kanthu, nanga mpamba ukhale osakhudzidwa? Iai. Pa caka ca njala yaikuru, yonga ija ya 1949, ndani angadzudzule mai amene aphikira ana ace mbeu? Pamenepo mwini sitoro ayenera kuzindikira yekha, ngati amene waima pakhomo wadza ndi tsoka lotere, kapena wadza cifukwa tiyi wace wasowa shuga.