Kodi Chapakati Ndiye Chokwanira?

Malaputopu ambiri opangidwa kuyambira 2017 mpaka 2022 ali ndi kasitika pafupi ndi mabatani kolembedwa kuti NVIDIA GeForce MX. Kasitikako kamalengeza kuti mkatimo muli GPU yapadera, kachipangizo kogwira ntchito ya zithunzi yokhayokha, kokhala ndi memory yakeyake. Laputopu yotere imadula kuposa yawamba, imene GPU yake imakhala mu purosesa momwemo, koma siyandikira mtengo wa zimakina zolemera zosewerera magemu. Wogula akaisankha mtima umakhala pansi, poti sanaumire komanso sanasakaze ndalama. Koma kodi kuima pakati pa mitengo iwiri ndiko kusankha mwanzeru?

Funsoli ndi lakale kuposa kompyuta. Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene anamwalira mu 322 BC, anaphunzitsa kuti khalidwe labwino limakhala pakati pa kupyola muyeso ndi kuperewera. Kulimba mtima, mwachitsanzo, kuli pakati pa mantha ndi kudziponya m'ngozi mosaganiza. Komabe anachenjeza kuti pakatipo sapezeka ndi masamu. Ngati miyeso 10 ya chakudya ndi yambiri ndipo 2 ndi yochepa, mphunzitsi wa masewera asathamangire kugawira aliyense 6. Kwa Milo, katswiri wa masewera ogwetsana wa ku Croton, 6 ndi njala yeniyeni, pomwe woyamba kumene angadwale nayo m'mimba.

Makampani amagulitsa 6 uja, chifukwa sadziwa amene adzagule.

Alipo amene muyeso umenewu unawakwana ndithu. MX150 itatuluka mu 2017, inali pachibale ndi GT 1030 ya makompyuta a patebulo, ndipo kawirikawiri inkabwera ndi memory ya 2GB. Nthawi imeneyo Intel UHD 620, GPU ya mu purosesa yopezeka m'malaputopu ambiri a muofesi, inkapuma wefuwefu ikangopatsidwa gemu ya 3D. Mnyamata wokonda Dota 2 kapena GTA V ankasewera bwinobwino pa MX150, bola atsitse kukongola kwa zithunzi. Wophunzira zojambulajambula ankapeza CUDA, njira ya NVIDIA imene mapulogalamu ngati Blender amathamangitsira ntchito. Ndipo poti GPU ili ndi memory yake, siinkadyerera RAM ya laputopu, zimene zimamveka kwambiri pa makina a 8GB.

Koma mlembi wa muofesi, amene tsiku lake limathera pa Word, Excel ndi YouTube, anagula chinthu chongogona. Luso la Optimus, limene NVIDIA inayambitsa mu 2010, limazimitsa GPU yapadera ntchito ikakhala yopepuka, n'kusiyira zonse ya mu purosesa. Ikadzuka, laputopu imatentha, fani imalira, batire limatha msanga, ndipo amene amagwira ntchito magetsi atazima amadziwa kuwawa kwake. Nayenso wokonza mavidiyo, Milo wa nkhaniyi, sanakhute: MX150 ilibe NVENC, gawo limene limafulumizitsa kutulutsa vidiyo, choncho ntchitoyo inkabwerera ku purosesa ya Intel.

Chovuta china chili pa dzina. Mu 2018, akatswiri oyesa malaputopu a Notebookcheck anaulula kuti MX150 inalipo mitundu iwiri: wina wa mawati 25, wina wa mawati 10 wothamanga pang'onopang'ono, woikidwa m'malaputopu opyapyala. Pabokosi dzina linali limodzimodzi. MX130 nayo inali 940MX yakale yongopatsidwa dzina latsopano. Palibe amene ananama poyera, koma wogula sakanatha kuyeza chimene walipira. Buku la Miyambo m'Baibulo limadzudzula sikelo zachinyengo, ndipo nkhaniyi imafunsa ngati kubisa kusiyana pansi pa dzina limodzi kuli kutali ndi tchimo limenelo. Nzeru ya Aristotle imafuna kuti munthu adziwe zinthu ziwiri, njala yake ndi kulemera kwa chimene akupatsidwa. Chachiwiricho chikabisika, ngakhale wodzidziwa bwino amasankha mumdima.

Kenaka pakati penipenipo panasuntha. Mu 2020 Intel inatulutsa GPU ya mu purosesa yotchedwa Iris Xe, ndipo Apple inabwera ndi purosesa ya M1. Mu 2022 AMD inaika Radeon 680M mu mapurosesa a Ryzen 6000, yotha kupikisana ndi MX450 ngakhale kuiposa, popanda kachipangizo kachiwiri kofuna magetsi ndi kuziziritsidwa. Chimene chinali pansi chinakwera kufika pamene panali chapakati. MX550 ndi MX570 zinalengezedwa kumapeto kwa 2021, ndipo m'badwo wina wa MX sunatsatirepo. Izi sizitanthauza kuti amene anagula MX150 mu 2017 analakwitsa. Zimangosonyeza kuti chisankho cholondola chimadaliranso nthawi, monga Aristotle yemweyo ananenera kuti chabwino chiyenera kuchitika pa nthawi yoyenera ndi kwa munthu woyenera.

Funsoli likadali lamoyo chifukwa malaputopu a zaka zimenezo ndi amene adzaza m'mashopu ogulitsa makompyuta ogwiritsidwapo kale ntchito ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka. Wophunzira wa ku yunivesite amaima pakati pa Core i5 ya m'badwo wachisanu ndi chitatu yokhala ndi MX150 ndi Ryzen yatsopanoko yopanda GPU yapadera, wogulitsa ali pambali kumuuza kuti, "Iyi ili ndi graphics, bwana." Ngati maphunziro ake amafuna CUDA, yoyambayo ingamuthandize, ndipo pulogalamu yaulere ya GPU-Z imuonetsa mtundu wake: nambala ya 1D10 ndi ya mawati 25, pomwe 1D12 ndi yofooka ija. Ngati ntchito yake ndi kulemba ndi kufufuza pa intaneti, yachiwiriyo ingamukwanire, ndipo ndalama yotsala ingagwire ntchito yaikulu pogula RAM yachiwiri, chifukwa GPU ya mu purosesa imathamanga kwambiri RAM zikakhala ziwiri zogwirira ntchito limodzi.