Mabenchi Opanda Anthu

Abale akaleka kubwera ku tchalitchi, kawirikawiri timangoti chikhulupiriro chawo chazirala. Malemba atiphunzitsa kuyang'ananso kwa osunga nyumba ya Mulungu. Werengani 1 Samueli 2:12-17. Ku Silo nsembe ya Yehova inanyozeka chifukwa ana a Eli ankalanda nyama ya opereka nsembe.

Chikhulupiriro cha anthu pa atsogoleri chimakula pang'onopang'ono. A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok atatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, m'dziko la Mfumu Chiwere ku Dowa, mpingo sunadzaze tsiku limodzi. Anthu anayamba aona sukulu ndi makhalidwe a aphunzitsi. Koma chikhulupirirocho chimatha msanga. Mu 2013 zinaululika kuti ndalama za boma zankhaninkhani zinabedwa ku Capital Hill, pa mlandu wa Cashgate, ndipo maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo. Mlimi wa ku Ntchisi amene anamva zimenezi ali ndi chifukwa chofunsira aliyense wosunga ndalama za gulu, ngakhale msungichuma wa mpingo. Kufunsa kotero si kupanduka ayi.

Taonani 2 Mafumu 12:9-12. Anthu anapereka m'bokosi la Yehoyada, ndipo ndalamazo ankaziwerenga awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, nazipereka kwa amisiri okonza kachisi. Ntchito inaoneka ndi maso.

Funso lokambirana: Kodi wobweza chakhumi pa mpingo wathu amamva poyera kumene chapita? Tisanapite kukachezera osowa pa Sabata, tikonze yankho la funso limeneli.