Alovera Wapawindo ndi Funso la Madzi Ochuluka

Mu Juni ndi Julayi mapiri a Dowa ndi Ntchisi amazizira zedi. Mvula imakhala italeka mu Epulo, udzu wauma, koma pamiyala alovera wakutchire ndi pomwe amatulutsa maluwa ake ofiira, dothi lili gwa. Mnzake wa m'chitini, amene amayi a ku Mponela kapena pa Boma la Ntchisi amamuika pawindo kuti azithandiza mwana akapsa ndi moto, nthawi zambiri amafa m'miyezi yomweyi. Chimamupha ndi madzi omwe mwini wake amamuthira tsiku ndi tsiku chifukwa chomukonda.

Chifukwa chake n'chodziwika. Zomera ngati alovera ndi khonje zimasunga madzi m'masamba okhuthala, ndipo timabowo ta pamasamba timatseguka usiku kuti dzuwa lisaumitse zomwe zasungidwa. Kukazizira, m'nyumba momwe dzuwa silifika kwenikweni, chomera chimamwa pang'ono ndipo dothi limachedwa kuuma. Madzi akadikha m'chitini chosaboola kunsi, mizu imasowa mpweya n'kuyamba kuola. Tsamba limafewa, limachita chikasu, tsinde limada pansi n'kununkha. Mwini akaona kufotako amaganiza kuti ndi ludzu, n'kuwonjezeranso kapu ina.

Kwa Mchewa zimenezi n'zovuta kuzimvetsa, chifukwa kupembedza kwathu kunamangidwa pa madzi. Makolo ankapita ku kachisi wa ku Msinja, kwa Makewana, kukapempha mvula kwa Chauta. Pomwe amishonale A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, ndi pomwe Robert Blake ankayamba ya Kongwe mu 1894, anapeza anthu odziwa kale kuti Mulungu akakondwa mvula imagwa. Mpaka lero ng'amba ikavuta mu Januwale, Akhristu ndi Asilamu amasonkhana kupemphera. Kupatsa timakuyesa dalitso, kumana timakuyesa nkhanza kapena chilango. Nanga zimatheka bwanji kuti chinthu chabwino, choperekedwa ndi mtima wabwino, chiphe?

Mtima wabwino pawokha sukwanira. Munthu wothira madzi tsiku lililonse kawirikawiri amakhala akutonthoza nkhawa yake, osayang'ana chomwe chili m'chitinimo. Wodziwa kusamala amayamba walowetsa chala m'dothi mpaka pamfundo yachiwiri. Likakhala lonyowa amabweza kapu, ngakhale patapita milungu itatu. Kudziletsa kotereku n'kovuta kuposa kupatsa, pakuti palibe amene amakuyamika. Makolo olerera mwana wandevu kale, kumulipirira ngongole iliyonse mpaka kumulanda mphamvu zoima payekha, amaudziwa ululu wake. Ndipo wokhulupirira amene pemphero lake lakhala nthawi losayankhidwa ali ndi chifukwa choganizira kuti chete wa Mulungu si umboni woti wamutaya.

Koma apa pofunika kuponda mosamala, chifukwa phunziroli anthu ouma manja angalilande n'kulisandutsa chishango. Mu Juni yemweyu, m'madimba a m'madambo a Dowa, mlimi amadzuka kuli chisisira ndi keni m'manja kuthirira tomato ndi repu, ndipo akajomba masiku ochepa mbewu zimagona. Alovera amapirira chifukwa ali ndi nkhokwe m'masamba. Repu alibe, ndipo anthu enanso ali ngati repu.

Ku Dzaleka, m'boma lomweli la Dowa, msasa wa anthu othawa kwawo womwe unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu pafupifupi 10,000 tsopano uli ndi oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Bungwe la World Food Programme lakhala likuchepetsa thandizo lawo ndalama zikasowa, pomwe malamulo sawalola kukagwira ntchito momasuka kunja kwa msasa. Kuuza mayi wa kumeneko kuti kusowa kumalimbitsa munthu ndi chipongwe, ndipo mlaliki wonena choncho asanafunse ngati ana adya usiku wathawu akunamizira Mulungu. Yemwe angathe kudikira ndi amene ali ndi chosungira. Kuti udziwe amene ali nacho, uyenera kufika pakhomo pake, kukhala pamphasa, ndi kufunsa za ufa womwe watsala m'thumba, ntchito yomwe mipingo yambiri imasiyira amayi a chigwirizano okha.