Chithunzichi chikuthandiza ndani?



Pa 5 Marichi 2021 ndinali pakhonde kwathu ku Area 18, foni ili m'manja. Ndege inali itangotera pabwalo la Kamuzu ndi katemera wa Covid-19 wokwana 360,000, kudzera mu COVAX. Posakhalitsa Facebook ndi Twitter zinadzaza zithunzi: mabokosi, akuluakulu atavala mamasiki, ndi mauthenga a akazembe otamanda ubale wa mayiko awo ndi Malawi. Kukumana maso ndi maso kunali kovuta nthawi imeneyo, ndiye ukazembe unasamukira pa intaneti.

Ine zinandivuta. Ku madrasa ankatichenjeza za riya, kuchita zabwino kuti anthu akuone. Ndinadzifunsa: thandizo lojambulidwa chonchi likadali thandizo, kapena ndi kutsatsa dzina la dziko basi?

Yankho silinali lophweka. Masiku omwewo mayi anga ankalandira mavoisi a pa WhatsApp onena kuti katemerayo ndi wopha anthu, ndipo anali atatsimikiza kuti sabayitsa. Pa 11 Marichi Pulezidenti Chakwera anabayitsa ku Zomba makamera akujambula. Mayi anaonera kanemayo kawiri, n'kunena kuti, "Ngati abaya iwowa, nanenso ndipita." Kuonetsa poyera kuja kunachita zimene ine ndinalephera kuchita ndi pakamwa.

Koma kumbukirani za pa 19 Meyi. Pachipatala cha Kamuzu Central anatentha katemera 19,610. Anali mbali ya 102,000 amene anabwera kudzera ku African Union pa 26 Marichi, atatsala ndi masiku ochepa kuti athe mphamvu pa 13 Epulo. Chithunzi cha polandira mphatso chimaonetsa bokosi ndi kumwetulira, deti lolembedwa pabotolo siliwoneka.

Niyya ya munthu, ngakhale ya boma, sindingaione. Amaidziwa ndi Allah. Chimene ndingathe ndi kufunsa: chithunzichi chikuthandiza ndani? Ngati chikuchotsa mantha, kapena chikutipatsa manambala oti tifunsire kuti thandizo lafika kuti, chituluke. Ngati wopindula ndi wopereka yekha, pamenepo pali vuto.

Funsoli si la akazembe okha. Nafenso pa Ramadhani timapita kuchipatala ndi shuga ndi sopo, foni ili kale m'mwamba. Tisanaposte nkhope ya wodwala amene sanatilole n'komwe, tiyambe tadzifunsa kaye.